Kompyuta ikafa, ntchito isafere pomwepo: momwe maofesi ang'onoang'ono angasungire zolembedwa zawo

Mecanhelas, Niassa – Mvula ikayandikira m'dera la Amaramba, aliyense amadziwa chochita. Eni nyumba amafolera madenga, asodzi amamata mabwato, alimi amatsitsa mbewu imene anapachika kutsindwi. Koma m'maofesi ang'onoang'ono a mabungwe a alimi ndi asodzi, m'masukulu, m'mipingo ndi m'masitolo ogula zokolola muli chuma china chimene chimaiwalika kawirikawiri, ndicho zolembedwa zimene zili m'kompyuta.

Maofesi ambiri otere ali ndi kompyuta imodzi imene onse amasungamo ntchito yawo. Imeneyi ndiyo seva, imene m'Chipwitikizi amati servidor. Kwina imakhala makina apadera, kwina ndi kompyuta wamba ya mlembi. M'menemo muli mayina a mamembala, ngongole za feteleza ndi mbewu, malipiro a antchito, malisiti, mapauta a ana asukulu ndi malipoti opita ku boma ku Insaca kapena kuchigawo ku Lichinga. Kompyutayo ikafa popanda kope lina, wovutika ndi munthu. Mlimi amene anabweza ngongole amasowa umboni, ndipo mwana amene anakhoza mayeso amauzidwa kuti dzina lake silikupezeka.

Kusunga kope lina la zolembedwa kuti lidzathandize tsiku latsoka ndi kumene anthu a makompyuta amati backup, kapena cópia de segurança. Njira zake zilipo zambiri, ndipo ofesi iliyonse iyenera kusankha yogwirizana ndi magetsi, netiweki ndi thumba lake.

Zimene zimawononga zolembedwa

Choyamba ndi kutha kwa chipangizo. Disiki imene imasunga mafayilo m'kompyuta ili ndi msinkhu wake. Ina imachenjeza poyamba kuchita phokoso kapena kuchedwa kutsegula mafayilo, ina imangofa mwadzidzidzi. Kutentha kwa mu Okutobala ndi fumbi zimafulumizitsa imfa yake.

Chachiwiri ndi magetsi ndi mphezi. Magetsi akazima kompyuta ili mkati molemba, fayilo ikhoza kuwonongeka, ndipo akabwera mwamphamvu akhoza kutentha makina. Anthu a kumpoto kwa Mozambique akukumbukira za mu Januwale 2015, pamene mtsinje wa Licungo unasefukira ku Mocuba n'kugwetsa nsanja za mawaya a EDM. Zigawo za kumpoto zinakhala milungu ingapo popanda magetsi okwanira, ndipo maofesi ambiri anadalira majenereta.

Chachitatu ndi madzi, moto ndi akuba. Dera lapakati pa nyanja za Chilwa, Chiuta ndi Amaramba ndi lachidikha, madzi sachedwa kudzadza. Namondwe Idai anawononga mzinda wa Beira mu Malichi 2019. Namondwe Freddy anagwera kachiwiri m'dziko muno pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, ndipo mvula yake inapha anthu ambiri kumwera kwa Malawi, kutsidya kwa malirewa. Denga likasasuka kapena madzi akalowa m'ofesi, kompyuta ndi zonse zimene zili pambali pake zimawonongeka pamodzi. Wakuba nayenso sasiya disiki imene waipeza patebulo.

Chachinayi ndi kulakwitsa kwa munthu. Wina amafufuta foda yolakwika, wina amalemba zatsopano pamwamba pa fayilo yakale n'kuisunga. Vutoli limatha kudziwika patapita milungu.

Chachisanu ndi mavairasi, makamaka mtundu wotchedwa ransomware, umene umatseka mafayilo onse kenako eni ake n'kumafuna dipo kuti atsegule. Kumayambiriro kwa 2024, dziko la Malawi linasiya kusindikiza ziphaso zoyendera kwa milungu ingapo. Mu Febuluwale chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zinalowa m'makina a dipatimenti yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, kuti zinkafuna dipo, ndiponso kuti boma silipereka. Anthu amene ankafuna kupita kukagwira ntchito, kukaphunzira kapena kukalandira chithandizo kunja anadikira. Ngati izi zinagwera dipatimenti ya boma, ofesi yaing'ono imene anthu amalowetsa ma flash ochokera kulikonse singadzitame kuti ndi yotetezeka. Chakudza sichiimba ng'oma.

Mafunso awiri asanagule chilichonse

Ofesi isanatulutse ndalama, atsogoleri ake ayenera kuyankha mafunso awiri. Loyamba: ngati kompyuta itafa lero, ndi ntchito ya masiku angati imene angathe kuibwereza pamanja? Sitolo imene imagula nandolo kapena chimanga tsiku lililonse singakwanitse kutaya zolembedwa za mlungu wathunthu, choncho kope lake liyenera kutengedwa tsiku lililonse. Mpingo umene umalemba zopereka Lamlungu lokha ukhoza kutenga kope kamodzi pa mlungu.

Lachiwiri: ofesi ingaime masiku angati ikudikira kuti zinthu zibwerere? Ngati ntchito iyenera kuyambiranso mawa lake, kope liyenera kukhala pafupi, losafuna intaneti, ndipo payenera kudziwika kompyuta ina imene lingatsegulidwemo. Mayankho awiriwa ndiwo amanena zoyenera kugula.

Pambuyo pake ofesi ilembe mndandanda wa zimene zili m'seva, n'kuzigawa patatu. Pali zosapezekanso kwina, monga maakaunti, mayina a mamembala ndi makontirakiti. Pali zopezeka movutikira, monga makalata amene anatumizidwa kale ku maofesi ena. Ndiye pali zosafunika kusunga, monga nyimbo ndi mafilimu. Nthawi zambiri gulu loyambalo limakhala laling'ono, chifukwa mafayilo a Word ndi Excel satenga malo ambiri. Zimene zimadzaza disiki ndi zithunzi ndi mavidiyo.

Lamulo la 3-2-1

Pali lamulo losavuta limene linatchuka kudzera mwa wojambula zithunzi wa ku United States, Peter Krogh. Limati zolembedwa zofunika zikhale m'makope 3, pa zipangizo za mitundu 2, ndipo kope 1 likhale kutali ndi ofesi. Pa makope atatuwo, loyamba ndi limene lili m'seva, ena awiriwo ndi osungira.

Mlimi wa ku Mecanhelas sangadabwe nalo lamuloli. Chimanga chakudya chimakhala m'nkhokwe, chambewu chimapachikidwa pamalo ena pofika utsi, ndipo wochenjera amasungitsako china kwa m'bale wake kumudzi wina. Nkhokwe ikapsa, chodzala chimakhalapo.

Kufunika kwa kope lakutali kunaoneka mu Malichi 2021, pamene moto unatentha nyumba ya maseva ya kampani ya OVH mumzinda wa Strasbourg ku France. Makasitomala ena amene makope awo osungira anali pamalo omwewo anataya zonse.

Masiku ano akatswiri amawonjezera mfundo ina: kope limodzi lizikhala lozulidwa, losalumikizidwa ku kompyuta kapena ku netiweki. Chifukwa chake n'chakuti ransomware imatseka chilichonse chimene kompyuta ikuchiona, kuphatikizapo disiki yosungira ngati ili yolumikizidwa. Mu Juni 2017 vairasi yotchedwa NotPetya inafufuta makompyuta a kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk m'mayiko ambiri. Seva imodzi yofunika kwambiri inapulumuka ku ofesi yawo ya ku Ghana, chifukwa pa nthawiyo magetsi anali atazima ndipo inali yosalumikizidwa. Kope limenelo linathandiza kudzutsanso ntchito ya kampaniyo, ngakhale inataya ndalama zapakati pa madola 250 miliyoni ndi 300 miliyoni. Ku Ghana unali mwayi chabe. Ofesi yanzeru imazula disiki mwadala.

Zipangizo zimene zilipo

Flash ndi yotchipa ndipo imapezeka paliponse. Vuto lake imasochera msanga, imafa osachenjeza, imanyamula mavairasi, ndipo m'misika muli zina zachinyengo zimene zimalembedwa kukula kwakukulu pomwe mkati muli malo ochepa. Yachinyengoyo imaoneka ngati yalandira mafayilo, koma powatsegula amapezeka owonongeka. Flash ndi yonyamulira fayilo kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina. Zolembedwa za zaka zambiri siziyenera kudalira iyo yokha.

Disiki yakunja, yolumikiza ndi chingwe cha USB, ndiyo msana wa dongosolo la ofesi yaing'ono. Ya 1 TB, kutanthauza pafupifupi 1000 GB, imakwanira maofesi ambiri kwa zaka. Sifuna intaneti, ndipo kubwezera mafayilo kuchokera mmenemo n'kofulumira. Koma yamtundu wakale, yokhala ndi mbale zozungulira mkati, imaopa kugwa ndi kugwedezeka. Yamtundu wa SSD imapirira mabampu a panjinga yamoto, ngakhale ndi yodula, ndipo si yabwino kuisiya zaka zambiri m'kabati osailumikiza. Disiki igulidwe yatsopano, m'sitolo yopereka lisiti ndi galanti, ndipo ikhale yaikulu kuwirikiza kawiri kapena katatu zimene zikusungidwa, kuti makope akale apeze malo.

Palinso kabokosi kotchedwa NAS, kamene kamakhala ndi madisiki awiri kapena kuposa ndipo kamalumikizidwa ku netiweki ya ofesi. Kamatenga makope pakokha, koma ndi kodula, kamafuna magetsi osazimazima ndi munthu wokadziwa. Popeza kamakhala m'nyumba yomweyo, sikalowa m'malo mwa kope lakutali.

Njira yomaliza ndi kusunga pa intaneti, kumene ena amati cloud kapena nuvem. Akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, amene amagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi zithunzi. OneDrive ya Microsoft imapereka 5 GB. Ubwino wake ndi wakuti madzi a ku Amaramba sangafike kumene kuli mafayilowo. Kuipa kwake n'kwakuti zonse zimadalira netiweki ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel ndi ndalama zogulira data. Kutumiza maakaunti ndi mndandanda wa mamembala n'kotheka. Kutsitsa disiki yathunthu pa netiweki yofooka kukhoza kutenga masiku. Akauntiyo ikhale ya ofesi, osati ya wantchito mmodzi, ndipo izitsegulidwa pafupipafupi, chifukwa Google inalengeza kuti ikhoza kufufuta akaunti yaulere imene yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito.

Zooneka ngati backup koma si backup

Maofesi ena amadzinamiza. Kukopera mafayilo mu foda ina ya kompyuta yomweyo, kapena kuchoka pa C kupita pa D, sikuthandiza ngati zigawo ziwirizo zili pa disiki imodzi. Disikiyo ikafa, zonse zapita.

Maseva ena ali ndi madisiki awiri amene amalemba zofanana nthawi imodzi, njira yotchedwa RAID. Imathandiza disiki imodzi ikafa, chifukwa ntchito imapitirira pa inayo. Koma fayilo ikafufutidwa kapena ikatsekedwa ndi vairasi, zomwezo zimachitika pa madisiki onse awiri nthawi yomweyo.

Foda imene imadzifananiza yokha ndi ya pa intaneti ilinso ndi msampha womwewo. Chofufutidwa pa kompyuta chimafufutikanso uko. Ku Google Drive chofufutidwa chimakhala m'bini masiku 30 okha, kenako chimachotsedweratu. Kudzitumizira mafayilo pa WhatsApp nakonso n'kosadalirika, chifukwa foni ikabedwa kapena nambala ikasintha, zambiri zimasowa.

Backup yeniyeni imasunga makope a masiku osiyanasiyana, kuti ofesi ithe kubwerera ku fayilo ya dzulo, ya mlungu watha kapena ya mwezi watha.

Dongosolo loyenera ofesi yakutali ndi tauni

Kwa ofesi ya anthu ochepa, ya magetsi ozimazima kapena a sola, dongosolo lotsatirali ndi lokwanira ndipo silifuna ndalama zambiri. Pamafunika madisiki akunja awiri, olembedwa A ndi B, ndi akaunti imodzi ya pa intaneti.

Tsiku lililonse, asanaweruke, woyang'anira amalumikiza disiki A, amatenga kope, amadikira limalize, kenako amazula disikiyo n'kuitsekera m'kabati, pamalo okwera ndi ouma. Kope loyamba limatenga nthawi chifukwa limanyamula zonse. Otsatirawo amangotenga zimene zasintha, choncho amatha m'mphindi zochepa. Mapulogalamu ochitira izi alipo aulere. Windows ili ndi File History, ya maseva ili ndi Windows Server Backup, palinso Duplicati ndi Veeam Agent, ndipo ogwiritsa ntchito Linux ali ndi rsync.

Lachisanu lililonse madisiki amasinthana. Disiki A imapita kukasungidwa kwina, disiki B imabwera ku ofesi. Malo enawo akhale nyumba ina yosiyana, yapamtunda, monga kwa msungichuma, ku parishi kapena ku ofesi ina ya bungwelo ku Insaca kapena ku Cuamba. Chachikulu n'chakuti madisiki awiriwo asagone m'nyumba imodzi. Ponyamula, disiki ikulungidwe ndi nsalu n'kuikidwa m'pulasitiki kapena m'kachidebe kotseka bwino, makamaka nyengo ya mvula.

Kamodzi pa mlungu, pa nthawi imene netiweki ili bwino, mafayilo a gulu loyamba lija amatumizidwa pa intaneti, dzina la fayilo lili ndi deti. Pakutha pa mwezi ndi pakutha pa chaka, kope limodzi limapatulidwa ndipo silifufutidwa. Zolembedwa za ndalama ndi za msonkho zimafunidwa patapita zaka, choncho ndi bwino kufunsa wowerengera ndalama za ofesi kuti zisungidwe kwa nthawi yaitali bwanji. Mapepala ochepa ofunika kwambiri, monga mndandanda wa angongole, asindikizidwe mwezi uliwonse n'kusainidwa. Pepala limawerengeka ngakhale magetsi kulibe.

Pali chenjezo kwa maofesi ogwiritsa ntchito mapulogalamu owerengera ndalama, monga Primavera, amene amasunga zinthu mu SQL Server. Kukopera foda yake pulogalamu ili yotsegula kukhoza kupereka kope losatseguka. Kope litengedwe kudzera m'pulogalamu yomweyo, kenako fayilo imene yatulukayo ndiyo ipite pa disiki.

Seva ikhalenso ndi UPS, kabokosi ka batire kamene kamapereka mphindi zochepa zozimitsira kompyuta bwinobwino magetsi akapita. Kukayamba mabingu, zingwe za magetsi ndi za netiweki zizulidwe kukhoma. UPS imateteza ku magetsi osinthasintha, koma singalimbane ndi mphezi yogwa pafupi.

Chinsinsi cha anthu

Disiki imene ikutuluka m'ofesi yanyamula mayina, manambala a ziphaso, ma NUIT, malipiro ndi ngongole za anthu. Ikagwera m'manja olakwika, ikhoza kubweretsa manyazi ndi umbava. Choncho ikhale yotsekedwa ndi pasiwedi kudzera m'mapulogalamu monga BitLocker, imene imapezeka m'mitundu ina ya Windows, kapena VeraCrypt imene ndi yaulere. Mafayilo opita pa intaneti akhoza kumangidwa pamodzi ndi pulogalamu ya 7-Zip n'kuikidwa pasiwedi.

Koma pasiwedi ikaiwalika, ngakhale katswiri akhoza kulephera kutsegula disikiyo. Ilembedwe papepala, iikidwe m'envelopu yomata, ndipo envelopuyo isungidwe ndi mtsogoleri wa ofesi, kutali ndi disikiyo.

Mbewu imayesedwa isanadzalidwe

Mlimi wosamala amatenga njere zochepa n'kuzifesa pambali kuti aone ngati zimera, asanadzale munda wonse. Kope nalonso liyenera kuyesedwa. Maofesi ambiri amazindikira tsiku latsoka kuti disiki inadzaza kalekale, kapena kuti pulogalamu inkakopera foda yolakwika.

Kamodzi pa mwezi, woyang'anira asankhe mafayilo atatu kapena anayi pa disiki yosungira, awatsegule pa kompyuta ina n'kuona ngati ali athunthu ndiponso ngati ali a deti loyenera. Kamodzi pa chaka, mvula isanayambe, ofesi iyerekeze kuti seva yafa, ibwezere zonse pa kompyuta ina n'kuwerenga maola amene ntchitoyo yatenga. Ngati maolawo aposa amene atsogoleri anagwirizana pa funso lachiwiri lija, dongosolo likonzedwe.

Udindo ukhale ndi mwini wake

Madongosolo ambiri amafa chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuchita. Ofesi isankhe munthu mmodzi woyang'anira ndi wachiwiri wake, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo wantchito akhoza kudwala, kusamutsidwa kapena kusiya ntchito. Pakhale kabuku kolembamo deti, disiki imene yagwiritsidwa ntchito, ngati kope latheka, ndi siginecha. Mtsogoleri aziona kabukuko mwezi uliwonse monga amaonera buku la ndalama. Njira yobwezera mafayilo ilembedwe patsamba limodzi, m'chinenero chimene antchito amamva, kuti isakhale m'mutu mwa katswiri yekha amene amakhala ku Cuamba kapena ku Lichinga.

Tsoka likagwa, choyamba ndi kudekha. Ngati ndi vairasi, kompyuta izulidwe ku netiweki, ndipo disiki yosungira isalumikizidwe mpaka makinawo atayeretsedwa. Kupereka dipo sikutsimikizira kuti mafayilo atsegulidwa. Ngati kompyuta yanyowa, isayatsidwe. Ngati disiki ikuchita phokoso lachilendo, izimitsidwe, chifukwa kuikakamiza kumawonjezera kuwonongeka.

Pa 31 Malichi chaka chilichonse, anthu a makompyuta m'mayiko ambiri amakumbutsana za kusunga makope. Ku Amaramba tsikuli limafika mvula itatsala pang'ono kutha, choncho nthawi yabwino yokonzekera ndi Okutobala, mitambo isanasonkhane. Mtengo wa madisiki awiri ndi UPS ukhoza kuoneka waukulu pa bajeti ya bungwe laling'ono, koma uyerekezedwe ndi mtengo woyenda mudzi ndi mudzi kufunsa mamembala kuti anabweza zingati, popanda pepala lotsimikizira. Ofesi imene ilibe kope lililonse ikhoza kuyamba lero ndi disiki imodzi, n'kuwonjezera yachiwiri mwezi wamawa. Madzi akatayika saoleka.